Sikelo ya mapu imawazunguza ana anga a Fomu 2, ndathana nazo chonchi

Ana ankayeza Lilongwe mpaka Blantyre ndi rula pa mapu n'kupeza pafupifupi 240 km, pomwe Google Maps ikuti 300 n'kanthu, basi mkangano m'kalasi, eti masamu ndi abodza. Ndinabwereza fomula pa bolodi kawiri, sizinathandize olo pang'ono.

Kenako ndinatulutsa foni, kudina nthawi yaitali pa Lilongwe kuti pini igwe, kusankha Measure distance, n'kukokera ku Blantyre. Yatuluka 240 yomwe ija. Apa mpomwe anaona kuti rula imadutsa ngati khwangwala pomwe msewu umakhotakhota. Ndiye tinatenga ulusi, kuutsatiza msewu wa M1 pa mapu, kuuwongola pa rula n'kuchulukitsa ndi sikelo. Ndalama ndi ka bandulo basi, ulusi ndinabwereka kwa madamu.