Phewa likamapweteka pokweza mkono: momwe mungadziwire vuto ndi kulichiza

Fupa la mkono silinalowe mozama m'phewa. Limagwiridwa ndi minofu inayi imene madokotala amaitchula kuti rotator cuff, ndipo umene umang'ambika kawirikawiri ndi wa pamwamba penipeni, wotchedwa supraspinatus. Omanga nyumba, opaka penti, osewera netibolo, amayi osenza ndi kutula zidebe, komanso aliyense wopitirira zaka 40, vutoli silikhala nawo patali.

Choyamba dziyeseni nokha. Imirirani, kwezani mkono cham'mbali pang'onopang'ono. Ngati ululu ukuyamba mkono ukasiyana ndithu ndi thupi, pa madigiri 60 mpaka 120, kenako n'kuchepa mkono ukafika pamwamba, kayikirani minofu imeneyi. Chizindikiro china ndi usiku, mukagonera mbali imeneyo tulo sitibwera. Kenako tambasulani mkono kutsogolo chakumbali, chala chachikulu chiloze pansi, mnzanu akanikize mkonowo pamene inu mukulimbana naye. Ukafooka n'kugwa, mwina pali chimene chang'ambika.

Mnzanu yemweyo aukwezenso mkonowo inu mutaulekerera. Ukakwera bwinobwino, vuto ndi minofu. Ukakana ngakhale akukweza ndi iyeyo, mwina phewalo lauma, vuto lina limene limakonda anthu a shuga. Koma phewa lakumanzere likamapweteka limodzi ndi chifuwa, thukuta ndi kubanika, siyani zoyesayesa, thamangirani kuchipatala. Ungakhale mtima.

Chachiwiri ndi kujambula, ndipo apa ndi pamene ine zinandivuta. Pa kiliniki ina yolipira anandijambula X-ray, n'kuikweza powala, n'kundiuza kuti mafupa ali bwino, palibe vuto. Anandibaya jakisoni wa ululu, ndinalipira, ndinapita. Mafupawo analidi bwino, koma X-ray imaonetsa mafupa basi; mnofu wong'ambika suoneka pamenepo. Mkono unapitiriza kufooka mpaka kuvula malaya kunasanduka ntchito. Chimene chimaonetsa kung'ambikako ndi sikani ya ultrasound kapena MRI. Ultrasound ndi yotchipirapo, kungoti imadalira luso la amene wagwira makinawo, ndiye funsani ngati anazolowera kuyang'ana mapewa, pakuti ambiri anazolowera mimba za amayi. MRI imaona zonse koma ndi yodula, ndipo makina ake ndi owerengeka, funsani mtengo musanagone pa bedi lake. X-ray musaikane, imathandiza kuona ngati fupa lathyoka kapena phewa laguluka, makamaka ngati munagwa. Kungoti ikatuluka yoyera musavomere kuti nkhani yatha. Pemphani kuonana ndi a kiliniko ofesala a mafupa, amene amapezeka m'zipatala za m'maboma, ndipo iwo akaona kuti n'koyenera akutumizani ku Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu.

Chachitatu, chepetsani ululu. Lekani kaye ntchito zokweza mkono kupitirira mutu, koma musaumangirire pa nsalu kwa masabata, phewa limauma. Ikani ayezi wokulunga m'thaulo kwa mphindi 15 mpaka 20. Panado amathandiza, Brufen imwani mutadya, ndipo ngati muli ndi zilonda za m'mimba kapena vuto la impso musaikhudze. Mapiritsi opanda dzina ogulitsidwa pamsika, ndi mafuta aja amalalikidwa m'mabasi kuti amachiza nyamakazi, msana ndi mano nthawi imodzi, ndi kutaya ndalama. Mphini nazonso sizisoka mnofu.

Chachinayi, mafizo, amene amachiritsa anthu ambiri popanda opareshoni. Yambani mwa kuwerama, dzanja labwino litagwira tebulo, lodwalalo lilendewere n'kumazungulira pang'ono. Kenako yendetsani zala pakhoma kukwera m'mwamba. Ululu ukatsika, mangirirani mphira pa chogwirira chitseko, chigongono chikhale chogunda m'nthiti, kokerani dzanja kunja. Mphira za mitundumitundu za m'mafamase zimakwera mtengo popanda chifukwa. Chubu chakale cha njinga chong'amba m'litali chimagwira ntchito yomweyo. Kuwawa pang'ono n'kololedwa, ululu wobaya ayi. Perekani masabata 6 mpaka 12 musanaweruze.

Zikakanika, pali jakisoni wa m'phewa wa steroid, mankhwala ochepetsa kutupa. Amaziziritsa ululu, koma wobwerezabwereza amafooketsa mnofu womwewo.

Opareshoni ndi ya amene mnofu wang'ambika wonse, makamaka ngati zinachitika mwadzidzidzi mutagwa ndipo mkono sukukwera. Ameneyo asadikire miyezi. Akasoka, mkono umakhala pa lamba masabata 4 mpaka 6, kenako mafizo omwe aja kwa miyezi ingapo.