Kuchotsa magazi sikusungunula mafuta a m'chiwindi

Ku India, asing'anga a Ayurveda, omwe amachiza motsatira nzeru za makolo a kumeneko, ali ndi njira yakale yochotsera magazi m'thupi yomwe amaitcha raktamokshana. Kodi njirayi ingachize matenda a mafuta a m'chiwindi? Buku lakale la Sushruta Samhita limafotokoza kuti magaziwo angachotsedwe poboola mtsempha, potema khungu ndi kuyamwa ndi nyanga kapena chikho, ngakhalenso poika misundu pakhungu kuti iyamwe. Iwo amakhulupirira kuti chiwindi ndi kapamba ndiwo gwero la magazi, choncho chiwindi chikadwala amati magazi aipa ndipo ayenera kuchepetsedwa. Ife amene tinakula tikuona mphini ndi kulumika sitingadabwe ndi ganizoli.

Vuto ndi lakuti mafuta a m'chiwindi sakhala m'magazi amene akutulukawo. Amaunjikana mkati mwa chiwindi chenichenicho, ndipo madokotala amati munthu wadwala pamene mafutawo apitirira magawo 5 pa 100 alionse a chiwindi. Zoyambitsa zake ndi kunenepa kwambiri, matenda a shuga, mowa, zakumwa zotsekemera ndi kukhala osagwiritsa ntchito thupi, ndipo zimenezi sizichoka chifukwa chakuti munthu wataya kapu ya magazi. Kuchipatala nakonso amachotsa magazi, koma kwa odwala amene thupi lawo limasunga ayironi wochuluka mopyola muyeso, ndipo amatero atayeza kaye.

Amene akuganiza zoyesa njirayi adziwe kuti chiwindi ndicho chimapanga zinthu zothandiza magazi kuundana, kotero munthu amene chiwindi chake chawonongeka kale akhoza kutaya magazi osaleka, makamaka atalumidwa ndi msundu, umene malovu ake amaletsa magazi kugwirana kwa maola ambiri. Misundu imasunganso tizilombo toyambitsa zilonda, pamene lumo logwiritsidwa ntchito pa anthu angapo limafalitsa HIV ndi matenda otupa chiwindi a mtundu wa B ndi C. Amayi oyembekezera, ochepa magazi ndi amene akumwa mankhwala osungunula magazi asayerekeze n'komwe.

Boma la India lenilenilo, ngakhale lili ndi unduna woyang'anira Ayurveda kuyambira mu 2014, linaika matenda a mafuta a m'chiwindi m'ndondomeko yake yolimbana ndi shuga ndi matenda a mtima mu 2021. Chithandizo chodalirika ndi kuchepetsa thupi ndi magawo 7 mpaka 10 pa 100, ndiye kuti munthu wa makilogalamu 90 achotseko 6 mpaka 9 pang'onopang'ono, asiye mowa, achepetse shuga ndi zokazinga, aziyenda ndawala mphindi 30 masiku asanu pa sabata, ndipo akayezetse chiwindi kuchipatala asanayambe kumwa mankhwala alionse azitsamba.