Mmene mungagulire TV yotchipa ku Mangochi osadzalira nayo pambuyo

Kale kanema anali wa aphunzitsi aakulu ndi omwe ali ndi mbale wawo ku Joni. Lero mukayenda pa msika wa pa boma, kapena pa Monkey Bay, Namwera ngakhale pa Makawa, mupeza ma TV opyapyala atandandalikidwa pakhonde la sitolo, mahufa akulira pambali. Mayina ake ena simunawamvepo chibadwire.

Chatsitsa mtengo n'chakuti mafakitale aakulu a ku China, monga BOE, amapanga magalasi a TV ambirimbiri, moti kampani ya Samsung inasiya kupanga magalasi ake a mtundu umenewu, otchedwa LCD, mu 2022. Kampani iliyonse yaing'ono imangogula galasi, n'kuika m'chibokosi cha pulasitiki, n'kumata dzina lake. Kunjako mitengo yatsikadi. Kwathu kuno kutsikako sikuoneka bwino chifukwa kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Komabe TV yopanda dzina imapezeka pa ndalama yomwe msodzi kapena mlimi wa nandolo angathe kuifikira nyengo ikamukomera.

Sindikunena kuti musagule. Koma wopangayo kuti atsitse mtengo pali pena pomwe anadula, ndipo ntchito yanu ndi kupeza pamenepo musanatulutse ndalama.

Yambani ndi magetsi a kwanu musanapite n'komwe kusitolo. Ngati muli pa ESCOM, magetsi athu ndi a mavoti 230, ndipo mukudziwa mmene amathimira n'kubwera ndi ukali. Chomwe chimafa msanga m'ma TV otchipa ndi bolodi yolandira magetsi, chifukwa ndi pomwe opanga amaikapo tizipangizo tofooka. Choncho pa ndalama yanuyo patulani kaye ya TV guard, kachipangizo kamene kamadula magetsi akakwera kapena kutsika kwambiri, n'kudikira pang'ono asanalowenso. Ngati ndinu a sola, ngati abale athu ambiri a ku Makanjira ndi ku Nankumba, funsani TV yolandira mavoti 12 kuchokera ku batire mwachindunji, kuti musavutike ndi inveta. TV ya mainchesi 32 imadya mawati apakati pa 30 ndi 50, ndipo nambala yeniyeni imalembedwa pakapepala komatidwa kumbuyo. Werengani pamenepo, osati pakatoni.

Mukafika pasitolo, tengani tepi ya atelala. Kukula kwa TV amayeza mopingasa, kuchoka pangodya ya m'munsi kufika pangodya ya m'mwamba mbali inayo, galasi lokhalokha. Mainchesi 32 ndi masentimita 81, mainchesi 43 ndi masentimita 109. Makatoni ena amalemba nambala yaikulu koma mkati muli kakang'ono, ndipo wogulitsa mwini wake nthawi zina sadziwa.

Tsopano apa ndi pofunika kudekha. Uzani wogulitsa kuti atsegule katoni ya TV yomwe mutengeyo, osati ija yapashelefu imene imaonetsa tsiku lonse. Akakana, tulukani. Bwerani ndi fulashi yanu momwe mwaikamo zithunzi zitatu: choyera mbee, chakuda bii, ndi cha nkhope ya munthu amene mumamudziwa. Pa choyeracho yang'anani ngati pali timadontho takuda tosasuntha, kapena zigamba zooneka mwa buluu. Pa chakudacho onani ngati kuwala kukutuluka m'mbali ngati nyali yobisidwa kuseri kwa nsalu. Nkhopeyo ikuuzani za mitundu: ngati amayi anu akuoneka ofiira ngati tomato, galasilo si labwino. Kenako sunthani, muime chakumbali. Pabalaza pathu sitikhala tonse kutsogolo, ena amakhala pamkeka pakona, ndipo magalasi ena otchipa amachita mbuu ukawaonera cham'mbali.

Ine ndinaphunzira ndi misozi. Ndinagula yanga madzulo, magetsi atathima, mnyamata wa m'sitolo n'kunditsimikizira kuti "bwana, iyi ndi yoyamba kumene, tengani basi." Ndinaikweza pa kabaza mpaka kuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi nditaikumbatira ngati khanda. Inagwira bwino miyezi ingapo. Tsiku lina mpira uli mkati, chithunzi chinangoti zii, mawu okha akumveka. Mmisiri anaunikira galasi ndi tochi ya pafoni, ndipo osewera aja ankaoneka mwa chizimezime akuthamanga mumdima. Tinyali ta kumbuyo kwa galasi tinali titapsa. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Mmisiriyo ndiye anandiuza chinthu chimene ndikanachidziwa kale: ma TV ambiri amachoka kufakitale kuwala kwa tinyalito kuli pamapeto penipeni, kuti azikopa maso m'sitolo. Kuphatikiza ndi kutentha kwa Mangochi mu Okutobala, m'nyumba ya malata yopanda siling'i, tinyalito sitichedwa kupsa. Mukangofika nayo kunyumba, lowani mu menyu, pezani polembedwa Backlight, mutsitse kufika cha pakati. Usiku simuona n'komwe kusiyana.

Zolembedwa pakatoni musazikhulupirire zonse. HD wamba ndi timadontho 1366 kwa 768, Full HD ndi 1920 kwa 1080, pomwe 4K ndi 3840 kwa 2160. Katoni ikalemba kuti TV "imalandira" 4K, sizitanthauza kuti galasi lake ndi la 4K. Ndipo kunena zoona, pa mainchesi 32 mutakhala pampando patali, HD wamba ikukwanirani.

Tembenuzani TV muone mabowo akumbuyo. Dikoda yanu, kaya ndi ya Kiliye Kiliye, GOtv, Azam kapena DStv, ilowa pati? Pakhale mabowo a HDMI osachepera awiri, ndipo ngati dikoda yanu ndi yakale ya mawaya atatu aja, lachikasu, loyera ndi lofiira, onetsetsani kuti malo ake alipo. Yesani bowo lililonse. Yesaninso mabatani onse a rimoti, chifukwa rimoti ya TV yopanda dzina ikatayika, kupeza ina ndi ntchito.

Za "smart" ganizani kawiri. Zotchipazi zimakhala ndi memore yochepa, YouTube imatsegula mochita kukoka, ndipo bandulo ya Airtel kapena TNM imatha ngati madzi a m'dengu. Ngati kunyumba kulibe intaneti yokhazikika, ndalama yoonjezerayo ndi bwino igule guard uja.

Mawu a ma TV opyapyala ndi ochepa, n'chifukwa chake ambiri amagulanso hufa. Apa bodza lalikulu lili pa mawati. Mukaona masauzande a mawati pafupi ndi zilembo PMPO, ingosekani; nambala yoona ya mphamvu ya sipika ndi ya pafupi ndi zilembo RMS, ndipo imakhala yaing'ono kwambiri. Kwezani voliyumu mpaka pamwamba ndi nyimbo yanu ya pafoni. Sipika ikayamba kunjenjemera ngati chitini, mwamva nokha.

Musachoke opanda lisiti lolembedwa dzina la sitolo, tsiku, nambala yozindikiritsa TV yanuyo (serial number) yomwe ili kumbuyo, ndi miyezi ya galanti. Galanti ya pakamwa imatha mukangotuluka pakhomo. Funsaninso kuti ikafa mubweretsa pomwepo kapena akutumizani ku Limbe. Wogulitsa akakana kukonza kapena kusintha katundu woipa, bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula, koma poyamba adzafuna kuona lisitilo. Katoni nayo isungeni, musayalire nkhuku.

Kwa inu omwe TV imachokera kwa achimwene ku Joni, pulagi yake imakhala ya mano ozungulira pomwe masoketi athu ndi a mano atatu aphwanthiphwanthi. Musasende waya n'kulowetsa ndi chitsotso cha machesi. Gulani pulagi yoyenera mmisiri akuikireni.

Poikhazika, siyani mpata kumbuyo kuti mpweya uzidutsa, ndipo kansalu kokongoletsa kaja kazichoka TV ikamayaka. Mvula ikayamba kugunda cha kunyanja, zulani pulagi kukhoma, muzulenso waya wa dishi kapena wa mlongoti, chifukwa mphezi ikalowera kumeneko guard uja sangaiteteze.