Mmene ndinathetsera mbozi m'maapozi

Kumunda kuno ku Ceres, ku South Africa, ndinkapopera mankhwala mokhulupirika, koma ukang'amba apozi umapeza mbozi itadya mpaka panjere, pabowo pali ndowe zake zofiirira. Zinkandiwawa kwambiri. Vuto linali nthawi. Mbozi ya codling moth, kagulugufe kamene kamaikira mazira m'mitengo ya maapozi, ikangolowa m'chipatso, mankhwala saifikiranso.

Ndiye ndinapachika misampha ya fungo lokopa agulugufe aamuna, n'kumawerenga ogwidwa sabata iliyonse. Akayamba kuchuluka, ndimadikira masiku oti mazira aswe, kenako ndipopere, timbozi tisanaboole khungu. Mankhwalanso ndimasintha gulu lake, chifukwa tizilomboti timazolowera msanga.

Maapozi ogwa ndimatola n'kukwirira pansi kwambiri. Pathunthu la mtengo ndimakulunga katoni yamizeremizere. Mbozi zimabisalamo, ine n'kuitentha. Chaka chino obooka ndi ochepa zedi.