Hip yatha? Umu ndi mmene mungadziwire ngati resurfacing ikukuyenerani

Kuno ku Blantyre adokotala akangonena kuti hip yanu yatha, ambirife timangodziwa njira imodzi basi, ija yodula mutu wa fupa la ntchafu nkuikapo chitsulo. Koma ilipo inanso imene amati hip resurfacing, ndipo mukangoyamba kusaka pa intaneti za opaleshoni ku India kapena ku Joni mukumana nayo ndithu, akuitama kuti mudzathamanga ngati kale. Ndi opaleshoni yabwino inde koma si ya aliyense, nde musanagulitse puloti kapena kuvutitsa abale ndi zopereka tiyeni tione kaye bwinobwino.

Pa hip pamakumana mafupa awiri ngati munsi mu mtondo, mutu wobulungira wa fupa la ntchafu umalowa m'kabowo ka fupa la chiuno ndipo pakati pake pali chicherewecherewe choti ziziterera. Chimenecho chikaperepeseka fupa limayamba kukhuzana ndi fupa linzake, ululu wake umamveka mphechepeche mpaka kutsikira pa bondo, munthu umatsimphina, kumanga zingwe za nsapato kapena kuwenga zikhadabo za kuphazi kumakhala ntchito yaikulu. Pa total hip replacement, imene John Charnley anaikonza bwino ku England cha m'ma 1960, amadula mutu wonse uja ndi khosi lake nkukhomera chitsulo chachitali mkati mwa fupa la ntchafu. Pa resurfacing sadula ayi, amangopala mutuwo pamwamba nkuuveka kachipewa ka chitsulo, kubowo kuja nkuikako kambale kachitsulonso, zonse za cobalt ndi chromium. Yodziwika kwambiri ndi Birmingham Hip Resurfacing, mwachidule BHR, imene Derek McMinn anayamba kuika mu 1997.

Ubwino wake ulipo ndithu. Fupa lanu lambiri limatsala, ndiye tsiku lina chitsulo chikadzavuta amatha kusinthira ku total uja. Komanso mutu umakhala waukulu ngati wobadwa nawo choncho sikawirikawiri kuguluka, zimene kwa ife amene timanjuta pa chimbudzi cha dzenje, kukhala pa mphasa ku maliro ndi kudzipinda mu minibasi si nkhani yaing'ono. Andy Murray wa tenisi uja anamupanga yomweyi ku London mu January 2019 ndipo mu October chaka chomwecho anawina chikho ku Antwerp, ndi chifukwa chake anthu amaikhumbira chonchi.

Tsono choyamba kuchita si kusaka tikiti ya ndege, ndi kudziwa chimene chawononga hip yanuyo. Pitani kwa dokotala wa mafupa, ku Queens aliko, mukajambulitse ekisileyi ya chiuno chonse, akati pakufunika MRI, sikani yoonetsa mkati mwa fupa ndi minofu, musakane. Ndiye mufunse mosapita m'mbali kuti adokotala, kodi iyi ndi nyamakazi ya kuperepeseka kwa chicherewecherewe kapena mutu wa fupa wafa? Funso limeneli ndi limene lanyamula nkhani yonse. Kuli matenda amene amati AVN, magazi amasiya kufika ku mutu wa fupa uja ndiye umafa mkati nkuyamba kuphwanyika, amabwera ndi sickle cell, mankhwala a ma steroid omwa nthawi yaitali, mowa wambiri, ngozi yakale yothyoka khosi la fupa, komanso amaoneka kwambiri mwa anthu amene ali ndi HIV. Kaundula wa maopaleshoni osintha hip ndi bondo amene anayambika ku Beit CURE kuno ku Blantyre mu 2005 anaonetsa kuti mwa odwala a kuno ambiri vuto linali AVN yomweyi, kusiyana ndi ku Ulaya kumene ambiri ndi okalamba a nyamakazi. Nde taganizani, kachipewa kaja kamafuna kukhala pa fupa lamoyo lolimba, ngati mutu wafa mbali yaikulu kapena uli ndi mabowo mkati palibe pogwira, kadzagwedera kapena khosi lidzathyoka. Munthu wotere total ndi imene ikumuyenera, ndipo ndikunena ndi mtima wonse kuti si kuluza ayi, kaundula yemweyo anaonetsa kuti ngakhale amene ali ndi HIV koma akumwa bwino ma ARV amachira bwinobwino pa total.

Amene resurfacing imamukhala ndi bambo wosapitirira zaka za m'ma 60, wa thupi ndi mafupa akuluakulu olimba, vuto lake ndi nyamakazi, ndipo ntchito kapena masewera ake ndi olimbitsa thupi. Kwa amayi nkhani ndi yovutirapo. Mitu ing'onoing'ono ya fupa inkaonetsa kuwonongeka msanga, moti mu 2015 kampani ya Smith & Nephew yopanga BHR inachotsa pa msika masaizi a 46mm kutsika pansi nkunena kuti BHR isamaikidwenso mwa amayi. Ngati mafupa anu ndi ofewa, impso zili ndi vuto, kapena khungu limatuluka ziwengo mukavala ndolo, wotchi kapena lamba wa chitsulo, muwauze adokotala msanga musadikire kuti akufunseni. Panopa kukubwera ina ya ceramic yopanda chitsulo koma ndi yatsopano, zaka zoti tione mmene imakhalitsira sizinachuluke.

Za impsozi nditsindike. Chitsulo chikamakhuzana ndi chitsulo chinzake tinyenyeswa ta cobalt ndi chromium timalowa m'magazi ndipo ndi impso zimene zimasefa. Kwa ambiri ndi tochepa tosavuta, koma kambale kaja kakaikidwa mopendekera pang'ono chabe chitsulo chimadyeka msanga, minofu yozungulira hip imatupa nkupanga chotupa cha madzi chimene chimawononga nyama ndi fupa. Mtundu wina wotchedwa ASR wa kampani ya DePuy unachita kuchotsedwa pa msika mu 2010 chifukwa unkawonongeka mwa anthu ochuluka. Apa ndi pamene luso la dokotala limafunika kwambiri, resurfacing ndi yovuta kupanga kuposa total ndipo madokotala oidziwa bwino ndi ochepa ngakhale kunja komweko.

Nde mukamalankhula naye, kaya maso ndi maso kaya pa WhatsApp musananyamuke, musachite manyazi. Mufunse kuti amapanga ma resurfacing angati pa chaka, adzaika mtundu wanji ndi saizi yanji, nanga akakutsegulani nkupeza fupa ndi lofooka adzasinthira ku total pompo kapena bwanji, ndipo mtengo wake uli mu kotesheni yomweyo? Tumizani ekisileyi ndi MRI kaye aone, dokotala amene wangovomera osaona zithunzi musamukhulupirire. Ngati muli pa MASM kapena medical aid ina, akupatseni kalata yolemba zimene alipire ndi zimene salipira, za pakamwa zimasintha. Ndipo funso limene ambiri amaiwala ndi ili, ndikabwerera ku Blantyre adzandiona ndani? Gwirizanani ndi dokotala wa mafupa wa kuno musanapite, mufunsenso ku labu ngati amayeza cobalt ndi chromium m'magazi kapena amatumiza kunja ndipo ndi ndalama zingati, chifukwa hip ya chitsulo pa chitsulo imafuna kuyezedwayezedwa kwa zaka, si yongoika nkuiwala. Ngati mukuona kuti zimenezi simudzakwanitsa, chimenecho pachokha ndi chifukwa chokwanira chosankhira total.

Thupi likonzeni. Fodya siyani, shuga ndi BP zikhale m'malo, dzino lobooka kapena chilonda chilichonse chipole kaye poti tizilombo timayenda m'magazi nkukamatirira pa chitsulo, ma ARV osadumphitsa. Mankhwala onse amene mumamwa muwatchule, ngakhale a zitsamba.

Kunyumba nakonso konzani musanagone m'chipatala, osati mutabwera ndi ndodo. Bedi likhale lalitali ndithu loti mukakhala mawondo asapitirire chiuno, ngati mumagona pansi bwerekani bedi. Chimbudzi ngati ndi cha dzenje pitani kwa kalipentala akukhomereni mpando wolimba wa bowo pakati wokhala ndi pogwira m'mbali, m'bafa ikani mpando wina muzisamba chokhala, timakapeti ndi zingwe za magetsi zodutsa pansi chotsani. Amene mumakhala kumtunda ngati ku Ndirande, Chilobwe kapena ku Bangwe kumene galimoto siifika pakhomo, ganizirani zokakhala kaye kwa m'bale wa malo a fulati, makamaka nthawi ya mvula, ndodo pa matope a m'njira zathu zija ndi ngozi yeniyeni.

Opaleshoni ikatha amakudzutsani kuti muyende tsiku lomwelo kapena mawa lake, ndipo ndodo mumayenda nazo kwa masabata angapo. Apa nde pamene anthu a resurfacing amadzipweteka okha, ululu uja ukangochoka amaona ngati achira nkuyamba kunyamula matumba, kukwera kabaza, kuthamanga, chonsecho khosi la fupa lija likadali lofooka ndipo miyezi yoyambirira ndi imene limakonda kuthyoka. Kudumpha ndi kuthamanga dikirani miyezi 6 kapena kuposa mpaka adokotala ataona ekisileyi nkukulolani. Fizo musaizembe, ku Queens ndi ku Kachere Rehabilitation Centre aliko anthu a ntchito imeneyi, minofu ya m'matako ikapanda kulimba mudzatsimphinabe ngakhale chitsulo chili bwino. Mankhwala oti magazi asaundane imwani mpaka tsiku limene anakuuzani, ndipo ngati mwapangitsa kunja tsiku lokwera ndege yobwerera ku Chileka anene ndi dokotala osati mtengo wa tikiti, kukhala pansi maola ambiri mwendo wongopangidwa kumene kumaundanitsa magazi.

Potuluka m'chipatala musachoke opanda pepala lolemba dzina la chitsulo chimene akuikani, saizi yake ndi tsiku, lijambuleni pa foni nkutumizira m'bale mmodzi asunge. Katumba akatupa nkumawawa, mukamapuma movutikira, bala likamatuluka madzi kapena thupi kutentha, thamangirani ku chipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi mukamva ululu wadzidzidzi mphechepeche mwendo nkukana kuponda. Ndipo ngakhale patapita zaka, hip ikayamba kulira, kutupa kapena kuwawa mwachilendo, tengani pepala lija mupite nalo kwa dokotala wa mafupa mukapemphe ekisileyi ndi kuyeza magazi.