Aneba akakusowetsani mtendere ku England ndi Wales: mungatani?

Nyimbo zogunda khoma mpaka m'bandakucha, anyamata ounjikana pakhomo la fulati n'kumatukwana aliyense wodutsa, mneba wotayira dala zinyalala pakhomo panu. Ku England ndi Wales zonsezi amazitcha anti-social behaviour, mwachidule ASB, ndipo lamulo la 2014, Anti-social Behaviour, Crime and Policing Act, linapatsa apolisi, makhonsolo ndi mabungwe ochititsa lendi mphamvu zothana nazo. Ambiri timangopirira, poopa kuoneka ovuta m'dziko la eni. Komatu maofesi amenewa amayendera zolembedwa. Chimene simunakanene, kwa iwo sichinachitike.

Ndiye poyambira penipeni ndi kabuku. Nthawi iliyonse zikachitika, lembani tsiku, ola limene zayamba ndi limene zatha, zimene mwaona kapena kumva, komanso mmene zakukhudzirani. Mbali yomalizayi anthu amaidumpha, chonsecho ndi imene imapatsa dandaulo mphamvu. "Kunali phokoso" sizikwanira. Lembani kuti mwana sanagone ndipo wajomba kusukulu, kapena kuti mwachoka kuntchito ya usiku n'kulephera kupuma. Jambulani phokosolo pafoni muli m'nyumba mwanu, sungani mauthenga ndi zithunzi za zimene zawonongedwa.

Ngati munthuyo si waukali, kamuuzeni mwaulemu masana, mitima ili pansi. Ena sadziwa n'komwe kuti khoma lawo ndi lopyapyala. Koma ngati anakuopsezanipo, musapiteko ayi.

Zikakanika, gogodani pakhomo loyenera, chifukwa ambiri amatopera pomwepa, kutumizidwa uku ndi uku. Moyo ukakhala pachiswe kapena mlandu ukuchitika nthawi yomweyo, imbani 999. Ngati mwaimba pafoni yam'manja koma simungathe kulankhula, dinani 55 akakuuzani kutero. Za kuopsezedwa, kuphwanyiridwa katundu kapena malonda a mankhwala osokoneza bongo zimene si zadzidzidzi, imbani 101 kapena lembani patsamba la apolisi a dera lanu. Phokoso, agalu ouwa usiku wonse ndi zinyalala n'za khonsolo, ku nthambi ya environmental health, yoona za ukhondo ndi umoyo wa m'dera. Ngati inu kapena wovutayo mumakhala m'nyumba ya khonsolo kapena ya housing association (bungwe lochititsa lendi nyumba pamtengo wotsikirapo), auzeninso eni nyumbawo. Woopa kudziwika angathe kutsina khutu bungwe la Crimestoppers osatchula dzina.

Kulikonse mungadandaule, pemphani nambala ya dandaulo lanu ndi dzina la amene walilandira, mulembe m'kabuku muja. Ndipo musabise zinthu ziwiri. Ngati akukunyozani chifukwa cha khungu lanu, chipembedzo kapena ulumali, nenani momveka bwino, poti zikatero nkhaniyo imalembedwa ngati yachidani. Ngati m'nyumba muli wodwala, wokalamba, kapena inuyo mwafika polephera kudya ndi kugona, nenaninso. Maofesiwa amaunika kukula kwa chiopsezo pa wodandaula, ndipo zimene mwawauza ndi zimene zimawachititsa kufulumira.

Musayembekezere kuti mneba athamangitsidwa sabata yomweyo. Kawirikawiri amayamba ndi kumuyendera kapena kumulembera kalata yochenjeza, mwinanso kukupemphani kuti mukhale pansi ndi mkhalapakati. Ena amasainitsidwa pangano losintha khalidwe. Pa nkhani ya phokoso, khonsolo ingathe kuika makina ojambulira m'nyumba mwanu, ndipo ikakhutira kuti phokosolo lafika pophwanya lamulo la Environmental Protection Act la 1990, imayenera kupereka chikalata cholamula kuti lithe. Wochinyozera angathe kulipitsidwa chindapusa n'kulandidwa zoimbira zake. Palinso Community Protection Notice, chikalata cholamula munthu kusiya khalidwe losowetsa anthu mtendere, chimene chimatsatira chenjezo lolembedwa. Zikafika poipa, khoti limapereka chiletso, ndipo wamkulu wochiphwanya angathe kukhala kundende mpaka zaka ziwiri. Nyumba imene yasanduka phanga la zoipa ingatsekedwe ndi khoti kwa miyezi itatu, n'kutheka kuwonjezera kufika isanu ndi umodzi.

Nanga mukadandaula kangapo koma kuli zii? Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ufulu umenewu ambiri saudziwa. Mu 2007, m'chigawo cha Leicestershire, mayi wina anapha mwana wake wamkazi wolumala n'kudziphanso yekha atazunzidwa ndi achinyamata a m'dera lawo kwa zaka zambiri. Apolisi anali atauzidwa maulendo opitirira 30, koma dandaulo lililonse linkaonedwa palokhapalokha, popanda wolumikiza kuti banja ndi lomwelo, ozunza ndi omwewo. Nkhani yomvetsa chisoniyi imatchulidwa kwambiri pofotokoza chifukwa chake lamulo la 2014 linabweretsa Community Trigger, imene tsopano imatchedwa ASB Case Review.

Imayenda motere. Ngati mwadandaula katatu pa vuto lomwelo m'miyezi isanu ndi umodzi, ndipo dandaulo lililonse munalipereka pasanathe mwezi chichitikireni zinthuzo, muli ndi ufulu wopempha kuti nkhani yanu iunikidwenso. Madera ena amalola ngakhale madandaulo asanakwane atatu, koma palibe dera lololedwa kufuna opitirira pamenepo. Fomu yake imapezeka patsamba la khonsolo kapena la apolisi. Ikavomerezedwa, apolisi, khonsolo, azaumoyo ndi ochititsa lendi amakhala pamodzi, kuona zimene aliyense wachita ndi zimene zatsala, kenako amakuuzani zotsatira. Pemphani kuti mawu anu akamveke pamsonkhanowo. Ngati mphamvu zakutherani, wachibale, khansala kapena phungu wa dera lanu angakupemphereni, bola mwavomereza. Manambala a m'kabuku aja ndi amene adzatsimikizire kuti munadandauladi katatu.

Podikira zonsezi musadzitsekere m'nyumba nokha. Bungwe la Victim Support limathandiza mwaulere ngakhale amene sanapite kupolisi, Citizens Advice imalangiza za ufulu wanu pa nyumba, ndipo ASB Help ndi bungwe loona za anthu ovutitsidwa mwa njira imeneyi. Tulo tikasowa kapena nkhawa ikakula, kaonaneni ndi dokotala wanu. Kalata yake imakhalanso umboni.

Ofesi ikakunyalanyazani, lembani dandaulo lotsutsa ofesiyo potsatira ndondomeko yake. Mukapanda kukhutira, pali maofesi oima paokha ounika madandaulo, otchedwa ombudsman: ku England nkhani za eni nyumba za khonsolo ndi housing association zimapita kwa Housing Ombudsman, za ntchito zina za khonsolo kwa Local Government and Social Care Ombudsman, pomwe ku Wales kuli Public Services Ombudsman for Wales. Pa phokoso, gawo 82 la lamulo la 1990 lija limakulolani kukasuma nokha ku magistrates' court. Musanatero, mulembereni wochita phokosoyo kalata yomudziwitsa kutatsala masiku osachepera atatu, ndipo inu musunge kope lake.