Magazi a Wodwala Amene Wapwetekedwa ndi Mankhwala Opopera Asaonongekere M'manja Mwanu

Kuno kuchigwa, nyengo yopopera thonje ikafika, zipatala zazing'ono za ku Chikwawa ndi Nsanje zimalandira anthu obwera pa kabaza ali thukuta kamukamu, dovu lili chuchuchu, mwana wa diso atachepa ngati mutu wa singano. Ena anapopera mphepo ikuwombera kumaso kwawo, ena amwa tameki. Ndikulankhula ndi inu anamwino, madokotala ndi a ku labu amene mumakhala oyamba kumugwira munthu wotereyu.

Choyamba ndi moyo. Muvuleni zovala, musambitseni ndi sopo, inu mutavala magulovu, ndipo atropine, mankhwala oyamba olimbana ndi poizoniyu, asadikire zotsatira za ku labu. Koma pamene mnzanu akuthandiza wodwala, wina atenge magazi msanga, makamaka asanapatsidwe pralidoxime, mankhwala ena othetsa mphamvu ya poizoni, ngati alipo, chifukwa mankhwala amenewa amasintha zimene labu ikufuna kuyeza.

Chimene chimayezedwa ndi cholinesterase, chinthu cha m'magazi chimene chimatsika munthu akalowedwa ndi mankhwala a gulu la organophosphate, monga dimethoate ndi Actellic wosungira chimanga uja, kapena a gulu la carbamate, monga carbaryl ndi tameki. Pa carbamate m'pamene pali msampha. Poizoni ameneyu sagwira cholinesterase mpaka kalekale, amamutaya pang'onopang'ono, ndipo zimenezi zimapitirira ngakhale magazi ali kale m'kabotolo. Kukatentha zimafulumira. Ndiye taganizani za ku Ngabu mu Okutobala, kutentha kutadutsa madigiri 40. Ndinaonapo pa chipatala china kabotolo katasiyidwa pawindo kuyambira m'mawa, kakudikira njinga yamoto yomwe inafika dzuwa litapendeka. Zotsatira zinabwera zonena kuti munthu alibe vuto, chikhalirecho tonse tinamuona akuphupha pa bedi.

Tsukani bwino pamene mukufuna kubayapo. Mlimi amene wangochoka kumunda amakhala ndi mankhwala pamkono, ndipo singano ikadutsa pamenepo, poizoni wa pakhungu amalowa m'kabotolo n'kusokoneza zonse. Gwiritsani kabotolo ka chivindikiro chofiirira, ka EDTA, kapena chobiriwira, ka heparin (onsewa ndi mankhwala oletsa magazi kuundana), malinga ndi zimene labu yolandira yakuuzani. Muziimbira foni kaye musanatenge. Katembenuzeni pang'onopang'ono kangapo, osakhutchumula ngati botolo la thobwa, chifukwa maselo ofiira amasweka.

Magazi aikidwe pozizira, madigiri 2 mpaka 8, koma asaume. Mkodzo ndiye wosiyana: tengani mamililita osachepera 25 m'kabotolo kotseka bwino, ndipo ngati ulendo uchedwa, uumitseni mufiriji. Mkodzo woyamba ndi wofunika kwambiri, poti zotsalira za poizoni zimatuluka m'thupi mwachangu. Firiji ya katemera isakhudzidwe, ngakhale itakhala yokhayo imene ikugwira ntchito. Gwiritsani bokosi lozizira ndi mapaketi a ayisi, ndipo pakati pa ayisi ndi magazi muikepo katoni kapena thonje.

Polemba m'pamene ambiri timachita ulesi. Dzina ndi tsiku sizokwanira. Lembani ola limene munthu anakhudzana ndi mankhwala, ola limene mwatenga magazi, ndi mankhwala amene mwamupatsa kale. Ngati afika ambiri nthawi imodzi, monga aganyu a munda umodzi wa nzimbe kapena banja lonse litadya chakudya chimodzi, matani chizindikiro pa kabotolo muli pambali pa bedi la munthuyo, musanapite kwa wotsatira. Ndipo ngati nkhaniyo ikununkha polisi, aliyense wolandira bokosilo asaine ndi kulemba nthawi, kuchokera kwa inu mpaka kumene likupita, kaya ndi kuchipatala chachikulu cha m'boma lanu kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre.

Achibale auzeni abweretse botolo kapena pepala la mankhwalawo, ngakhale atagulidwa pamsika m'kajumbo kopanda dzina. Cypermethrin, mwachitsanzo, satsitsa cholinesterase ngati mmene amachitira anzake aja, choncho kudziwa dzina kumathandiza dokotala kumvetsa zotsatira. Koma botololo likulungidwe m'majumbo awiri ndipo liyende palokha, osati m'bokosi limodzi ndi magazi.